Loweruka Limene Ndaziona Anakana

Tinali asanu pansi pa mtengo kuseri kwa positi ofesi,
ndalama yosonkha ili m'chipewa cha Twaibu,
koma aliyense anabwera ndi Loweruka lakelake m'thumba.

Twaibu ankafuna phiri.
Akuti mabulosi apsa kumtunda,
ana akugulitsa m'timbale m'mbali mwa msewu,
ndipo damu la Mulunguzi ladzaza mpaka m'milomo.
Geresomu ankafuna mpira wa pa kanema ku Mpondabwino,
benchi ya pafupi ndi khomo, kanyenya wa mbuzi wothira kambuzi.
Asiyatu anangoloza nsapato zake zatsopano
nati, izi sizikwera phiri la munthu.
Ine ndinkafuna chilichonse chimene Geresomu sankafuna,
poti anandibwereka tchaja mwezi wa Meyi
ndipo mpaka lero akuti mawa.

Ndiye tonse tinacheukira kwa Ndaziona
monga mwa masiku onse,
iye uja amati, "Kulikonse, anzanga, ine palibe vuto,"
uja amakhala pa injini m'minibasi,
uja amatenga botolo lofunda likatsala,
uja timamuponya pa sikelo
mbali imene yapepuka.

Tsiku limenelo anati, "Ayi."

Liwu laling'ono,
kamwala mu mpunga wa ku Chilwa.
Tonse tinakaluma.

"Ndikufuna kumsika," anatero,
"ku kaunjika, ndikaone jekete,
tikatero tikadye tchipisi cha pachiwaya ku depoti,
ndipo lero wina anyamule chikwama changa."

Geresomu anaseka kuseka kwa pakhosi pokha.
Twaibu anayamba kuwerenga ndalama yowerenga kale.
Asiyatu anapeza uthenga wofunika
m'foni imene inali itazima.
Wakabaza anaima, natiyang'ana, napitirira.
Chifunga chinali chikutsika phiri pang'onopang'ono
ndipo kuzizira kunayambira pakati pathu.

Apo m'pamene ndinaona
kuti zaka zitatu zonsezi mtendere wathu
unkagona pamsana pa munthu mmodzi,
ife n'kumadzitama kuti timamvana,
ngati thumba la makala lonyadira kuti lafika m'tauni
osatchula njinga.

Anayamba ndi Twaibu.
Anayang'ana kumtunda nthawi yaitali, nameza malovu,
nati, "Phiri silisamuka."
Asiyatu anati nsapato zake
njira ya kumsika zikuidziwa, n'komwe zinachokera.
Geresomu anang'ung'udza mpaka pa chipata cha msika,
akutchula osewera mmodzimmodzi ngati abale omwalira,
kenako anati, "Chigawo chachiwiri chokha, basi,
mundiperekeze."
Ndaziona anaganiza kaye. Tinadikira.
Sitinazolowere kudikira yankho lake.
"Chabwino," anatero, "koma tchipisi chiyambe."

Chikwama chinagwera ine.
Chinkalemera ngati muli njerwa.
Pa mulu wa majekete ndinachitsegula mwakuba:
mabotolo asanu a madzi,
panado, ambulera,
mapulasitala a matuza a Asiyatu,
tchaja ya foni yonga yanga.
Chake chenicheni munali kampango kokha.
Ndinachitseka msanga,
lamba wake akundidya paphewa.

Jekete sanaipeze.
Ina inali yaikulu, ina inang'ambika m'khwapa,
ina wogulitsa anaikweza mtengo ataona tili asanu.
Tchipisi chinachuluka mchere,
tinalimbirana kabichi wa pamwamba ndi timitengo,
Geresomu anaseka mpaka kutsamwa,
ulendo uno kuchokera m'mimba.
Mpira unatha wopanda chigoli
ndipo magetsi anazima woimbira asanaimbe wezulo.

Madzulo, m'minibasi ya ku Matawale,
Ndaziona analowa woyamba nasankha pawindo.
Palibe anayankhula.
Kondakitala anandiloza malo otsala,
ndinakhala pa injini,
mawondo kuchibwano, chikwama pamiyendo,
chitsulo chikundiwotcha pang'onopang'ono
njira yonse.
Twaibu anatsamira kukhutu kwanga nafunsa,
"Kodi pamatentha chonchi nthawi zonse?"
Ndaziona anamva, koma anali akuyang'ana panja.